Mlandu wa mwana umaonongeka m'masiku awiri oyamba

Tiyerekeze kuti ndi Lachisanu madzulo padoko lina la kwa Makanjira. Mnyamata wagwidwa ndi chigoba cha usipa chomwe watapa pathandala la eni. Anthu amupatsako makofi, kenako a chitetezo cha m'mudzi amuperekeza kupolisi. Wapolisi wa pakauntala atsegula buku n'kufunsa dzina, mudzi, mfumu ndi zaka. Pa zaka mnyamata uja angozolika. Ndi wojintcha, mapewa anatakata chifukwa chokoka makoka ndi kupalasa bwato, mawu anayamba kale kukhuthala. Wapolisi amuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kulemba 18. Bambo ake anapita ku Joni zaka zinayi zapitazo, mayi anakwatiwa kwina, iye amakhala ndi agogo ake omwe alibe foni ndipo sakudziwa kuti mdzukulu wawo wagona m'chitokosi. Zaka zake zenizeni ndi 15.

Nambala imene yalembedwa m'bukumo yagamula kale zambiri khoti lisanakhale. Mnyamatayo agona ndi akuluakulu. Palibe amene aitane a zachisamaliro cha anthu. Lolemba akaonekera m'khoti la aliyense, akavomera mlandu chifukwa mnzake wa m'chitokosi wamunong'oneza kuti ukavomera zimatha msanga, ndipo mapeto ake ndi kundende. Nkhani yokonzanso kazengedwe ka milandu ya ana ikabuka, ena amafuna nyumba zatsopano za makhoti, ena amafuna zilango zokhwima, ena akuti milanduyi ibwerere kwa mafumu. Ife tikuti ndalama ndi khama ziyambe zapita ku maola 48 oyamba mwana akagwidwa kapena akachotsedwa pakhomo, chifukwa zolakwika za nthawi imeneyi sizikonzeka ngakhale woweruza atakhala wabwino mtima chotani.

Lamulo lilipo, ndipo m'mbali zambiri ndi labwino. Mu 2010 Nyumba ya Malamulo inavomereza Child Care, Protection and Justice Act, lomwe linalowa m'malo mwa lamulo lakale la ana ndi achinyamata. Limati mwana akamangidwa auzidwe ufulu wake, asazunzidwe, asasakanizidwe ndi akuluakulu, apatsidwe chakudya, ndipo kholo kapena womulera adziwitsidwe mwamsanga. Linakhazikitsa makhoti a ana, kumene woweruza ndi maloya savala mikanjo, apolisi savala yunifolomu, mawu ovuta a zamalamulo sagwiritsidwa ntchito, ndipo pamakhala nthawi yopuma kuti mwana asatope. Anthu ongodzaonerera saloledwa kulowa, dzina la mwana kapena sukulu yake siziyenera kutuluka m'nyuzipepala, ndipo mwana saponyedwa m'ndende. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino nalo limati kutsekera mwana kukhale njira yomaliza, kwa nthawi yochepetsetsa. Koma zonsezi zimamuteteza munthu amene walembedwa kuti ndi mwana. Amene walembedwa 18 sizimufika.

Nkhani ya zaka ili ndi mbiri yake. Lamulo la 2010 linalembedwa likunena kuti mwana ndi munthu wosakwana zaka 16. Mu 2017 aphungu anasintha malamulo oyendetsera dziko kuti mwana akhale aliyense wosakwana zaka 18, ndipo malamulo amenewa ali pamwamba pa ena onse. Ndiye kuti wazaka 16 ndi wazaka 17 ndi ana, kaya ndevu zayamba kumera, kaya ali ndi bwato lakelake. Chizolowezi chakale ndi chimene sichifa msanga. Fomu iliyonse, buku lililonse la maphunziro a apolisi ndi chikwangwani chilichonse cha pakauntala ziyenera kunena chimodzi, kuti pasakhale wina wogwirabe ntchito ndi nambala ya 16 m'mutu.

Nanga zaka zidziwika bwanji pamene kalata ya kubadwa palibe? Lamulo lokakamiza kulembetsa ana obadwa linayamba kugwira ntchito mu 2015, ndipo ana ambiri amene anabadwa chaka chimenecho chisanafike, makamaka obadwira kunyumba, alibe pepala lililonse la National Registration Bureau, ofesi ya boma yolembetsa nzika. Izi sizitanthauza kuti umboni palibe. Pali khadi la kusikelo ndi kabuku ka kuchipatala, zomwe amayi ambiri amasunga m'chikwama chapulasitiki pansi pa sutikesi. Pali kaundula wa kusukulu wosonyeza chaka chimene mwana analowa sitandade 1. Pali mabuku a kumadrasa ndi a ubatizo. Kuno ku Mangochi pali ngakhale chaka chimene mnyamata anapita kundagala, chomwe agogo ndi anzake amachikumbukira bwino, ngakhale chokhacho sichikwanira. Kupima kwa kuchipatala, kwa mano kapena mafupa a padzanja, kumangopereka malire, monga kunena kuti ali pakati pa zaka 15 ndi 18. Sikutchula tsiku lobadwa. Malire akagwera mbali zonse ziwiri za 18, munthuyo atengedwe ngati mwana. Komiti ya United Nations yoona za ufulu wa ana inanena zomwezi mu 2019. Kulakwitsa n'kutenga wamkulu ngati mwana kumakonzeka mawa lake mapepala akabwera. Usiku umene mwana wagona m'chipinda chimodzi ndi amuna akuluakulu sungabwezedwe.

Chimene tikupempha apa si chokwera mtengo. M'buku la kupolisi mukhale malo olembapo kuti zakazo zachokera kuti: pa khadi, pa mawu a kholo, kapena pongoyang'ana. Zikachokera pongoyang'ana, woweruza asayambe kumva mlandu asanafunse yekha ndi kulamula kuti zifufuzidwe.

Kenako pali nkhani ya munthu wamkulu woima ndi mwanayo. Lamulo limatchula kholo, womulera kapena wamkulu wina woyenera. Kumidzi ya m'mphepete mwa nyanja ya Malawi ndi ya Malombe anyamata ambiri amagona padoko, kutali ndi kwawo, akugwira ganyu kwa eni zilimira. Mwini chilimira si wamkulu woyenera, chifukwa nthawi zina iye yemweyo ndiye wodandaula, kapena akuopa kufunsidwa chifukwa cholemba ana ntchito. Kwa mabanja otsata kuchikazi, amalume ndi amene amakhala ndi mawu pa mwana wa mlongo wawo, choncho wapolisi wofunsa za bambo okha akusiya munthu amene akanabwera. Polisi iliyonse iyenera kukhala ndi mndandanda wa anthu anayi kapena asanu a m'deralo, ophunzitsidwa ndi ofufuzidwa khalidwe, amene angaitanidwe ngakhale usiku: mphunzitsi, shehe, m'busa, wogwira ntchito yoteteza ana m'mudzi. Ndipo mawu alionse amene mwana wanena popanda munthu wotere khoti liziwakana. Apolisi akadziwa kuti chivomerezo chotengedwa mwana ali yekha sichikagwira ntchito kukhoti, adzayamba kudikira kuti wamkuluyo afike.

Maola 48 nawo ali ndi msampha wake. Malamulo oyendetsera dziko amati womangidwa akaonekere kukhoti maola 48 asanathe, koma nthawiyi ikathera pa tsiku limene khoti silikhala, munthu akaonekere tsiku loyamba la khoti lotsatira. Wogwidwa Lachisanu madzulo ndiye kuti adikira Lolemba, ndipo Lolemba likakhala tchuthi adikira Lachiwiri. Onjezanipo mtunda. Kuchoka kwa Makanjira kufika pa boma ndi makilomita oposa 100, pamsewu womwe nyengo ya mvula umavuta. Galimoto ya polisi ikakhala yopanda mafuta, mwana amangokhala. Komatu lamulo la 2010 limalola apolisi kumasula mwana m'manja mwa makolo kuti adzabwere naye tsiku la khoti, ndiponso kumuchenjeza n'kumumasula pa milandu ing'onoing'ono akavomera. Wapolisi wachinyamata amaopa kugwiritsa ntchito mphamvuyi chifukwa wodandaula ali panja akukuwa kuti apolisi adya ndalama. Njira yake ndi kutembenuza udindo: wapolisi amene wasankha kusunga mwana usiku ndiye alembe chifukwa chake ndipo mkulu wa polisiyo asaine. Kumasula kusafune kufotokoza kwambiri kuposa kutsekera.

Pamtima pa lamuloli pali msonkhano woyamba umene woweruza amachititsa mwana asanafunsidwe ngati akuvomera kapena akukana. Apa m'pamene khoti limaona zaka, limaona ngati umboni ulipo wokwanira, limaona ngati mlandu ungapatutsidwe osafika pozengedwa, ndiponso kumene mwanayo akhale podikira. Msonkhanowu umadalira lipoti la ofesala wa pulobeshoni, wofufuza za moyo wa mwanayo, wochokera ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu. Lipoti labwino limafuna kuti ofesalayo afike pakhomo, aone kumene mwana amagona, acheze ndi agogo, afunse kusukulu kuti analeka liti ndipo chifukwa chiyani, amvenso wodandaula. M'boma la Mangochi, kumene kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 1.1 miliyoni, kuchokera kwa Nankumba mpaka kumalire a Chiponde, ntchito imeneyi siyenda popanda njinga yamoto ndi mafuta. Zikasowa, lipoti limalembedwera pabenchi ya kukhoti m'mphindi 10, kuchokera pa zimene mwana wamantha wanena, kapena mlandu umaimitsidwa kudikira lipoti lomwe silibwera. Kuimitsa kulikonse ndi sabata zina mwana ali m'manja mwa boma. Khonsolo ikamagawa ndalama, mafuta a maulendo amenewa akhale ndi mzere wawowawo, osati kumangodikira kuti bungwe lina lidzathandize. Ndipo ogwira ntchito yoteteza ana amene ali kale m'madera a mafumu aphunzitsidwe kutolera mfundo zoyamba pa fomu ya tsamba limodzi n'kutumiza pafoni, ofesala adzatsimikize.

Chilankhulo sitingachilumphe. Mwana wa kwa Katuli kapena kwa Jalasi amene kunyumba amalankhula Chiyao angathe kugula ndi kugulitsa m'Chichewa, koma si kuti angamve kusiyana kwa "ndinatenga" ndi "ndinaba", kapena kumva kuti ali ndi ufulu wokhala chete. Mwana wophunzitsidwa ulemu akafunsidwa ndi wamkulu kuti "wamva?" amayankha kuti "ee" ngakhale asanamve kanthu. M'kaundula wa khoti "ee" ameneyu amalembedwa ngati kuvomera. Woweruza wodziwa ntchito safunsa kuti "wamva?" Amati, "Tandiuza m'mawu ako zimene ndanenazi." Womasulira wa Chiyao akhalepo kuyambira kupolisi, ndipo asakhale wapolisi amene akufufuza mlanduwo kapena m'bale wa wodandaula. Mwana wosamva ndi wosalankhula ali pavuto loposa apa, ndipo mlandu wake usayambe womasulira wa zizindikiro asanapezeke.

Kupatutsa mlandu ndi njira imene timaikhulupirira, koma ili ndi minga mbali ziwiri. Lamulo limalola kuti m'malo mozengedwa, mwana apepese pakamwa kapena polemba, abweze zimene anatenga, abwerere kusukulu, agwire ntchito yothandiza dera, kapena mabanja awiriwo akhale pansi ndi mkhalapakati. Zofunika zake ndi zomveka: mwana avomere mosakakamizidwa, umboni ukhalepo woti mlandu ukanatha kuzengedwa, ndipo iye ndi kholo lake agwirizane nazo. Munga woyamba ndi wakuti njirayi imasanduka nyambo. Mwana wosalakwa akauzidwa kuti "vomera upite kwanu lero", avomera. N'chifukwa chake loya wa Legal Aid Bureau kapena wothandiza pa zamalamulo, monga amene bungwe la PASI lakhala likutumiza m'mapolisi ndi m'ndende, ayenera kucheza ndi mwana paokha asanavomere chilichonse. Kubweza katundu nako kuyezedwe ndi mphamvu ya banjalo. Mukalamula agogo osauka kubweza ndalama zimene sangazipeze, mwatumiza mwana uja kunyanja usiku ndi nyali kukasaka ndalamazo, ndipo sukulu yathera pomwepo.

Munga wachiwiri ndi woopsa kuposa woyamba. Mawu akuti "tikambirane pachibale" amagwiritsidwanso ntchito kukwirira milandu imene lamulo silola kuipatutsa, makamaka yogwirira ana. Mbuzi kapena ndalama zimasinthana manja, mtsikana amauzidwa kuti asachititse manyazi banja, nthawi zina amaperekedwa kwa yemwe anamuchimwirayo kuti akhale mkazi wake, chikhalirecho lamulo la maukwati la 2015 ndi kusintha kwa 2017 zinaika zaka 18 ngati malire a ukwati. Amene akufuna kuti milandu ya ana ibwerere kwa mafumu ali ndi mfundo pa nkhani ya nkhuku yobedwa kapena ndewu ya pampira. Mafumu ali pafupi, amadziwa mabanja, ndipo safuna mafuta a galimoto. Koma malire alembedwe poyera ndipo nyakwawa iliyonse iwadziwe. Mwana wogwiriridwa afike kuchipatala maola 72 asanathe kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV, nkhani ipite kupolisi, ndipo aliyense angathe kuimba kwaulere pa 116, nambala ya foni yothandiza ana. Kukhoti mtsikana wotere apereke umboni tsiku limodzi, kamodzi, mosayang'anizana ndi woimbidwa mlandu. Nsalu yotchinga kapena bolodi ndi zokwanira kuchita zimenezi. Mlandu ukaimitsidwa katatu, banja lochokera ku Namwera limatha ndalama ya thiransipoti, kachinayi silibwera, ndipo mlandu umafa osati chifukwa umboni unalibe.

Pali ana ena amene amafika kukhoti osalakwa kanthu: wosiyidwa, womenyedwa, wopemphetsa pamsika, wochotsedwa kuukwati. Lamulo limalola wapolisi, ofesala wa zachisamaliro cha anthu, mfumu ngakhale munthu wamba kutengera mwana wotere pamalo otetezeka, koma akaonekere kukhoti la ana m'maola 48. Cholakwika chofala ndi kusakaniza magulu awiriwa. Pakasowa malo otetezeka, mwana wothawa nkhanza amagona kupolisi, n'kumadziona ngati iye ndiye wamangidwa. Mu 2017 khoti lalikulu linathetsa mbali ina ya lamulo la vakabu imene inkagwiritsidwa ntchito kusesa anthu m'misewu, koma maganizo oti mwana woyendayenda ndi chigawenga chamawa akadalipo. Mafayilo a chisamaliro akhale osiyana ndi a milandu, ndipo amvedwe nthawi yosiyana. Dera la mfumu yaikulu iliyonse likhale ndi mabanja awiri kapena atatu ofufuzidwa bwino amene angasunge mwana masiku ochepa, akuthandizidwa ndi chakudya ndi sopo. Umphawi pawokha usakhale chifukwa cholanditsa mwana. Mayi amene akulephera kudyetsa ana akufunika kulumikizidwa ndi mtukula pakhomo, ndipo khoti lisanatumize mwana kumalo osungira ana amasiye liyambe lafunsa za azakhali, amalume ndi agogo.

Pa milandu ya chisamaliro imeneyi m'pamene mawu a mwana amasowa kwambiri, chifukwa akuluakulu onse m'chipindamo amakhulupirira kuti akumuchitira zabwino. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, lomwe Malawi analivomereza mu 1991, limati mwana amvedwe pa nkhani iliyonse yomukhudza. Kumva sikutanthauza kuchita zonse zimene wanena. Kukutanthauza kumufunsa pamene womuopsezayo palibe, kulemba zimene wanena, ndipo ngati khoti lasankha zina, kumufotokozera chifukwa chake m'mawu amene angamve. Mtsikana wazaka 13 akati sakufuna kukakhala kwa amalume ena ake, funso lotsatira ndi lakuti chifukwa chiyani, ndipo lifunsidwe mofatsa.

Tikudziwa zimene mwini thandala anganene: usipa wanga wapita, mwana wamasulidwa, mawa abanso. Dandaulo limeneli ndi loona ndipo lisanyozedwe, chifukwa anthu akaona kuti lamulo silikuwamva amayamba kulanga okha, ndipo wovulala amakhala mwana yemweyo. Yankho lake ndi kumulowetsa wodandaulayo m'kati. Aitanidwe pamsonkhano, anene zimene wataya, amve zimene mwana walamulidwa kuchita, ndipo pakapita mwezi wina abwere kudzamuuza ngati zachitika. Lamulo limatchula timagulu ta anthu a m'dera tothandiza khoti pa kupatutsa milandu. Kuno kunyanja m'timagulu timeneti musasowe wa komiti ya padoko. Chimene chimapha chikhulupiriro ndi kupatutsa kopanda wolondola, pamene mwana walamulidwa kubwerera kusukulu koma palibe amene anakafunsa kwa mphunzitsi wamkulu ngati anafikadi.

Ena akuti zitseko za khoti la ana zitsegulidwe kuti anthu aone chilungamo chikuchitika. Ife tikukana. Dzina la mwana likangotuluka pa Facebook kapena pa WhatsApp ndi chithunzi chake atakhala pansi kupolisi, limutsatira mpaka tsiku lofunsira ntchito kapena banja. Koma kutseka zitseko kusakhale kubisa ntchito. Miyezi itatu iliyonse khoti, polisi ndi ofesi ya zachisamaliro cha anthu zitulutse manambala opanda mayina pamsonkhano wa khonsolo: ana angati anagwidwa, angati anapitirira maola 48, angati anali ndi wamkulu pofunsidwa, angati anapatutsidwa, angati anabwereranso. Manambala otere ndi amene angasonyeze polisi imene ikufunika chipinda chapadera cha ana, ndi dera limene woweruza ayenera kumapitako yekha mwezi ndi mwezi, monga mmene makhoti amakakhalira m'ndende kukamva milandu ya okhalitsa pa limandi.

Kwa ana ochepa amene apalamula milandu ikuluikulu, pali malo osinthira khalidwe a Chilwa ku Zomba ndi Mpemba ku Blantyre. Onse ali kutali ndi Mangochi, ndipo agogo a kwa Makanjira sangakwanitse kukaona mdzukulu ngakhale kamodzi pachaka. Mwana wotuluka kumeneko wopanda amene wakonza za kubwerera kwake amafikira padoko pomwe paja. Bungwe lounika milandu ya ana limene lamulo la 2010 linakhazikitsa liyenera kulandira lipoti la kunyumba kwa mwana miyezi ingapo asanatuluke, ndipo malo a kusukulu kapena kwa mmisiri womuphunzitsa ntchito akhale atapezeka kale.

Chomwe chikufunikadi aphungu ndi msinkhu woyambira kuimbidwa mlandu. Malamulo athu a milandu amati mwana wosakwana zaka 10 saimbidwa mlandu, ndipo wosakwana 14 amaimbidwa pokhapokha zitatsimikizika kuti ankadziwa kuti akuchita cholakwa. Komiti ya United Nations ija inalangiza mu 2019 kuti malire asatsike pansi pa 14. Tikugwirizana nazo. Kutsimikiza zimene mwana wazaka 11 ankadziwa kumafuna akatswiri amene makhoti a m'maboma alibe, ndipo mapeto ake funsolo limayankhidwa pongomuyang'ana, monga zinachitikira ndi zaka zija pakauntala. Mwana wazaka 11 amene waba kachitatu afunsidwe kuti amagona kuti, anadya liti komaliza, ndipo akumutuma ndani, ndipo fayilo yake ipite kumbali ya chisamaliro.